Chikwangwani chabwino chimatsogolera diso

Tsiku lililonse pa WhatsApp ndi pa Facebook pamadutsa zikwangwani zolengeza misonkhano, malonda ndi mwayi wa ntchito. Zambiri sizifikitsa uthenga chifukwa mawu onse amalembedwa m'zilembo zikuluzikulu zamitundumitundu, mwakuti wowerenga amasowa poyambira. Tsiku lotsekera kulandira makalata ofunsira ntchito likabisika, munthu amaphonya mwayi.

Okonza masamba a pa intaneti ndi zosindikiza amathana ndi vutoli potsata mfundo ziwiri: kutsindika ndi kufoletsa.

Kutsindika ndiko kusankha chinthu chimodzi chimene diso liyenera kuyamba kuona, n'kuchisiyanitsa ndi zinzake pochikulitsa, pochipatsa mtundu wakewake kapena pochisiyira mpata mozungulira. Mphamvu yake yagona pa kusiyanako, pakuti pabwalo onse akafuula nthawi imodzi palibe amamveka. Zilembo ziyeneranso kusiyana mokwanira ndi mtundu wa pamene zalembedwapo. Ndondomeko za WCAG, zochokera ku bungwe la W3C, zimafuna kusiyana kosachepera 4.5:1 pa zilembo wamba, kuti nawonso a vuto la maso awerenge.

Kufoletsa ndiko kundandalika mitu, ndime ndi zithunzi pa mzere umodzi wosaoneka. Katswiri wa ku Switzerland, Josef Müller-Brockmann, anafotokoza njirayi m'buku lake la 1981, Grid Systems in Graphic Design. Lero Bootstrap, chida chomangira masamba a pa intaneti, chimagawa tsamba m'madanga 12 pa cholinga chomwecho.

Mu 2006, Jakob Nielsen anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti pakompyuta anthu nthawi zambiri amawerenga motsata maonekedwe a chilembo cha F: mizere yoyambirira amaiwerenga chopingasa, kenaka diso limangotsetsereka ndi m'mphepete mwa kumanzere. N'chifukwa chake ndime zitalizitali zimayenera kuyambira pa mzere umodzi kumanzereko, ndipo mfundo yofunika ikhale pamwamba. Kuika mawu pakati kumakomera mitu yaifupi ndi makhadi a ukwati.

Olemba Chichewa asamale kwambiri apa. Mawu athu ambiri ndi aatali, choncho ndime yokakamizidwa kufanana mbali zonse ziwiri imasiya mipata ikuluikulu pafoni.

Musanatumize chikwangwani, muonetseni mnzanu mwachidule n'kumufunsa chimene wakumbukira. Akalephera kutchula tsiku, malo kapena mtengo, chikonzeninso.