Wailesi ikamalira ngati udzudzu, funsani injini

Mpira wa Bullets ndi Wanderers uli mkati, minibasi yanyamuka pa Mzimba Boma kulowera ku Jenda. Dalaivala akangoponda moto, wailesi ikuyamba kulira ngati udzudzu, muulutsi osamvekanso.

Ambiri zikatere amathamangira kugula wailesi ina, koma phokosolo osatha. Chifukwa chake n'chakuti kawirikawiri vuto silikhala wailesiyo, ndipo kulisaka sikulira ndalama.

Yambani mwazimitsa injini, wailesi ili chiyatsire. Phokoso likapitirira, onani eriyo ndi waya wake, kapena mwina mwangotalikirana ndi mlongoti woulutsira mawu. Likatha, ndiye kuti likuchokera m'galimoto momwemo.

Lizaninso injini, kenako zulani chaja ya foni. Machaja otchipa amasokoneza wailesi kwambiri. Yatsaninso mawaipa ndi fani, chimodzichimodzi, mukumvetsera.

Tsopano pondani moto pang'onopang'ono. Mukamva kuthetheka komwe kukufulumira limodzi ndi injini, ganizirani mapulagi ndi mawaya ake. Izi n'za galimoto za petulo zokha, poti za dizilo siziyaka ndi mapulagi otere.

Koma kulira kwa udzudzu kuja, komwe kumakwera injini ikamakwera, kumachokera ku alternator, chipangizo chomwe chimatchaja batire. Nthawi zina vuto limangokhala waya wolumikiza wailesi kuchitsulo cha galimoto, womwe umakhwepa ndi mabampu a m'misewu yafumbi ya kumidzi ya ku Embangweni ndi Edingeni. Kupala dzimbiri ndi kumanga bwino nati kumathetsa nkhani.

Galimoto zochokera ku Japan zili ndi lawonso vuto. Wailesi zake zambiri zimagwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pomwe nyumba zoulutsira mawu za FM kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108. Amakaniko amalumikiza kabokosi kapadera pawaya wa eriyo kuti MBC ndi Zodiak zizimveka, koma akalumikiza mwachisawawa, phokoso limalowera pomwepo.

Ngati zonsezi zili bwino koma udzudzu uja ukuliralirabe, pitani kwa makaniko wa zamagetsi akayeze alternator. Ikayamba kuonongeka imaliza wailesi chonchi, kenako batire imaleka kudzaza.

Ndi bwino kuzidziwira pa Boma dzuwa likuswa mtengo, kusiyana ndi kuzimiridwa nyali usiku pakati pa nkhalango ya Chikangawa, ana ali m'galimoto.