Njira yolowera ntchito ya uphunzitsi ndi kafukufuku pa yunivesite mu Lusaka

M'mawa uliwonse maminibasi ochokera ku Chelstone amatsitsa khwimbi la achinyamata pachipata cha University of Zambia (UNZA), m'mbali mwa msewu wa Great East. Ambiri mwa iwo mtima uli pa ntchito za kubanki, kumigodi kapena m'boma. Oganiza zodzaima kutsogolo kwa kalasi ndi owerengeka, chonsecho dziko losadzisulira akatswiri ake limakhalira kubwereka nzeru kwa ena.

Zambia ikulidziwa bwino vutoli. Pamene inkalandira ufulu mu 1964, nzika zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha. Yunivesiteyi itatsegulidwa mu 1966, aphunzitsi ambiri anali ochokera kunja, ndipo mkulu wake woyamba, Douglas Anglin, anali wa ku Canada. Mu 1969 mpandowo unapita kwa mwana wam'dziko, Lameck Goma wa ku Lundazi, yemwe anatchuka ndi kafukufuku wa udzudzu.

Pofuna kulera akatswiri akeake, UNZA yakhala ikutenga ophunzira okhoza bwino koposa pa ndondomeko yotchedwa Staff Development Fellowship, n'kuwathandiza kupitiriza maphunziro kuti adzabwerere kudzaphunzitsa. Ena amalowera pa malonda a ntchito otuluka mu Times of Zambia, Zambia Daily Mail ndi pa intaneti. Kawirikawiri pamafunika digiri yachiwiri, ndipo mipando yapamwamba imafuna PhD. Mapepala a sukulu, makamaka ochokera kunja, ayenera kutsimikiziridwa ndi Zambia Qualifications Authority. Wochedwa kukonza zimenezi tsiku lotseka limamupitirira mapepala akadali pamzere.

Kulowa n'chiyambi chabe. Kuchoka pa mphunzitsi wamba kukafika pa pulofesa, zaka zokha sizikwanira. Akuluakulu amawerenga zimene munthu wafufuza ndi kusindikiza, komanso ophunzira amene wawatsogolera. Apa ndi pamene ambiri amatitimira: kalasi yodzaza, mulu wa mayeso ofunika kuchonga patebulo, ndipo kafukufuku amangotsalira usiku.

Makomo ena alipo. Ku Ridgeway, pafupi ndi chipatala cha UTH, bungwe la Zambart limafufuza za chifuwa chachikulu ndi HIV, monganso bungwe la CIDRZ. Ku Kabulonga kuli IAPRI, yofufuza mfundo za ulimi. UNZA nayo ili ndi INESOR, bungwe la kafukufuku lomwe mizu yake ndi Rhodes-Livingstone Institute yakale. Mabungwe otere amafuna anthu otolera mayankho m'makomboni ndi m'midzi komanso osanthula ziwerengero, ndipo wachinyamata wa ku Kabwata akhoza kuyambira pomwepo. Levy Mwanawasa Medical University ndi University of Lusaka nazonso zawonjezera mipata.

Komabe kulemba munthu ntchito n'kosavuta kuposa kumusunga. Chuma chitagwedezeka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, aphunzitsi ambiri anasamukira ku Botswana, Namibia ndi South Africa. M'zaka zapitazi bungwe la aphunzitsi ndi ofufuza la UNZALARU lakhala likudandaula za kuchedwa kwa malipiro ndi ndalama za opuma pantchito.

Boma ndi akuluakulu a mayunivesite akufunika kulipira pa nthawi yake ndi kupatula ndalama za kafukufuku. Apo ayi, Zambia ipitiriza kulima munda woti akolole ndi ena. Achinyamata nawo asadikire kuitanidwa: afunse aphunzitsi awo za kafukufuku amene ali mkati, alowemo, ayambe kulemba akadali pasukulu.