Injini ya boti ikakalamba: pampu ya oilo ikhale kapena ichoke?

Dzuwa likamapendeka pagombe la Nkope m'boma la Mangochi, alovi amayamba kulongedza chilimira, nyali ndi zigubu za petulo kuti akaphe usipa. Usiku wonse moyo wawo umadalira injini yomwe ili kumbuyo kwa boti. Ikangozima pakati pa nyanja mwera uli mkati, za nsomba zimaiwalika, chotsala n'kupalasa basi.

Injini zambiri za asodzi n'zamtundu wa two-stroke. Izi zilibe posungira oilo pansi ngati injini ya galimoto. Oilo amalowa limodzi ndi petulo, n'kufewetsa pisitoni ndi zitsulo zina zozungulira, kenako amapsera komweko. Akasowa ngakhale kwa mphindi zochepa, pisitoni imatentha n'kukanirira, injini n'kufa.

Pali njira ziwiri zoperekera oiloyu. Pa Yamaha Enduro, yomwe ndi yodziwika kwambiri panyanja ya Malawi, munthu amasakaniza yekha m'thanki. Koma injini zina, makamaka zikuluzikulu zogulidwa zitagwirapo kale ntchito kwina, zili ndi kathanki ka oilo pakokha ndi pampu yomwe imathira yokha. Kampani ya OMC, yomwe inkapanga injini za Johnson ndi Evinrude, idayamba kuika pampu yotere yotchedwa VRO mu 1984. Makampani a Yamaha, Suzuki ndi Mercury nawo adali ndi zawo.

Ubwino wa pampu ndi woti imapereka oilo molingana ndi ntchito. Injini ikamayenda pang'onopang'ono imathira wochepa, ikathamanga imaonjezera. Motero oilo amachedwa kutha, utsi umachepa, mapulagi sada msanga ndipo zonyansa zotayikira m'madzi zimachepako.

Vuto limadza injini ikakalamba. Nthawi zambiri sipampu yeniyeniyo imene imayamba kufa, koma timapaipi touma ndi kung'aluka, kasefa kotsekeka, mpweya kapena madzi olowa m'njira ya oilo, ngakhalenso belu lochenjeza lomwe lidasiya kulira kalekale. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa idatsegulidwa. Ethanol amakoka chinyezi komanso amaononga labala wakale, ndipo pa VRO petulo amadutsa m'pampu yomweyo. Choopsa n'choti oilo akasiya kubwera, injini imalirabe bwinobwino mpaka itakanirira.

Kodi mungadziwe bwanji kuti pampu yanu ili moyo? Thirani oilo m'thanki ya petulo ngati kuti pampu palibe, lembani mzere pomwe oilo walekeza m'kathanki kake, kenako yendani maulendo angapo. Oilo akamatsika molingana ndi petulo yemwe watha, pampu ikugwira. Akangokhala pamzere pomwepo, musapitenso panyanja musadaonane ndi makaniko.

Ngati zipangizo zake zikupezeka, belu likulira ndipo injini imagwiridwa ndi munthu mmodzi, pampu isiyeni, mungosintha timapaipi. Koma ngati zipangizo n'zosowa, kuichotsa n'kwanzeru, malinga ntchitoyo igwiridwe yonse. Makaniko atseke njira zonse za oilo kuti mpweya usalowe, aone ngati pampu yotsala pamalo pake singaonongeke poyenda youma, ndipo pochotsa waya wa belu la oilo asaphe belu lochenjeza za kutentha kwa injini. Si injini zonse zomwe zimalola kusinthidwa motere, n'chifukwa chake buku la injiniyo liyenera kuonedwa kaye.

Mukachotsa pampu, udindo wonse uli m'manja mwanu. Muyezo wodziwika ndi 50:1, kutanthauza mamililita 400 a oilo pa chigubu cha malita 20, kapena theka la lita pa thanki ya malita 25. Gulani oilo wa injini za pamadzi wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto. Yezani ndi botolo la mizere, osati ndi maso, ndipo khutchumulani chigubu bwino musanathire.

Ngozi ina ili pa anthu. Pagombe alovi amasinthana, petulo amabwerekana, ndipo zigubu zimafanana. Tsiku limodzi lokha lomwe wina wathira petulo wosasakaniza poganiza kuti pampu idakalipo, likwanira kupha injini. Lembani ndi penti pachivundikiro cha injini kuti pampu idachoka, muikenso chizindikiro pa chigubu chilichonse chomwe mwasakaniza. Boti lisanachoke pagombe, pakhale munthu mmodzi wodziwika woyankha funso lakuti oilo walowa kapena ayi.