Mvula ndi Galimoto ya Turbo

Turbo imapanikiza mpweya wolowa m'injini, ndipo mpweya wopanikizidwa umatentha. Nchito ya intercooler ndiyo kuuziziritsa, pakuti mpweya wozizira upatsa injini mphamvu yambiri. Mvula yogwera kunja kwa ciwiyaci ithandiza kuziziritsako. Koma m'dzinja mpweya uli ndi cinyontho cambiri, cimene cisanduka madzi m'kati mwace, monga mame pa botolo lozizira. Woyendetsa akaponda mafuta mwadzidzidzi, madziwo athamangira m'injini, ndipo galimoto ifooka. Ngozi ikula ngati irikupitirira inzace. M'caka ca 2013 boma la America linafufuza bvuto limeneli pa magalimoto a Ford F-150. Matope nawonso atseka timipata ta intercooler, motero iyenera kutsukidwa ndi madzi osathamanga kwambiri.