Nyimbo Nazonso Zinapita Kunkhondo ku Burma

Msilikali salimba mtima ndi chakudya ndi zipolopolo zokha ayi. Afunanso kudziwa kuti anthu akwawo sanamuiwale. Chifukwa cha ichi, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka m'chaka cha 1939, Bambo Basil Dean ndi Bambo Leslie Henson anayambitsa bungwe la ENSA ku Mangalande, loti lizitumiza oyimba, ovina ndi anthabwala kumisasa ya asilikali.

Komatu si nyimbo zonse zimene akuluakulu anakondwera nazo. M'chaka cha 1942 ena a iwo, pamodzi ndi a nyumba ya mphepo ya BBC, anada nkhawa kuti nyimbo zachifundo, zokumbutsa mkazi ndi ana, zingafooketse amuna ogwira mfuti. Mmodzi wa oyimba amene analozedwa chala ndiye Mayi Vera Lynn.

Mlanduwu unaweruzidwa ndi asilikali eni ake. Pamalire a India ndi Burma panali khamu lalikulu lolamulidwa ndi General William Slim, lomenyana ndi Ajapani, ndipo linkadzitcha khamu loiwalika. M'chaka cha 1944 mayiyo, ali ndi zaka 27, anadzipereka kupita komweko, nadzera ku Egypt ndi ku India. Anayimba m'zipatala ndi m'misasa, padzuwa loswa mtengo ndi pakati pa udzudzu, limba lake laling'ono litanyamulidwa pa lole. Amunawo sanafooke, koma anamulandira ngati mlongo wawo wobwera ndi moni wa kumudzi. Mu 1985 anapatsidwa mendulo ya Burma Star, ndipo anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 103.

Awerengi akumbukire kuti m'khamu lomwelo munalinso ana a dziko lino, a King's African Rifles. Iwowa analowa m'chigwa cha Kabaw mu Ogasiti 1944, mvula ili pakati, nalimbana ndi matope ndi malungo kufikira anafika pamtsinje wa Chindwin. Pamenepo Mayi Lynn anali atabwerera kale kwawo. Tsono asilikali athu ankadziyimbira okha nyimbo za perete m'chinenero chawo, wina kutsogolera, anzake kuvomera.

Mzungu anadikira woyimba wochokera kutali. Mnyasa ananyamula nyimbo yake pakhosi. Koma njala yawo inali imodzi, ndiyo kumva mawu a kumudzi.