Munda wa Mphesa wa Asisitere a ku Tart

Ife tonse timaona vinyo pa guwa la nsembe tsiku la Mulungu, koma ochepa mwa ife anaonapo munda umene mphesa zake zimamera. Tsono mwezi uno tikuuzani za munda umodzi wa ku France, m'chigawo cha Burgundy, pa mudzi wa Morey-Saint-Denis. Dzina lake ndi Clos de Tart, ndipo liwu lakuti Clos litanthauza munda wozingidwa ndi linga lamiyala.

Asisitere a chipani cha Cîteaux, okhala ku nyumba yopemphereramo ya Tart, ndiwo anaulandira m'chaka cha 1141, nausunga zaka 650. Suli waukulu ai: maekala 18 ndi kachidutswa. Pamene anthu a ku France anaukira mfumu yao mu 1789, boma latsopano linalanda chuma cha Eklezia, ndipo mu 1791 mundawo unagulitsidwa kwa banja la Marey. A banja la Mommessin anaugula mu 1932, ndipo mu 2017 anavomera kuugulitsa kwa François Pinault, mwini chuma chambiri. Eni ake anayi okha m'zaka zonsezi, ndipo palibe mmodzi anaudula pakati. Pafupi pomwepo pali Clos de Vougeot, umene kale unali wa amonke. Uwo unagawidwagawidwa, kotero kuti lero eni ake ali ngati 80, wina mizere yambiri, wina yowerengeka, ndipo vinyo wao salingana kukoma.

Chimene chatikondweretsa koposa ndi kalimidwe kake. Mundawo uli pa mtsetse woyang'ana kum'mawa. Anansi ambiri amatsetsereza mizere yao kuchokera kumtunda kunka kunsi, koma ku Clos de Tart mizere imapingasa mtsetsewo, kuti mvula ingakokolole dothi. Inu amene mumalima m'mapiri mudziwa kale chimene madzi amachita ndi mzere wotsetsereka. Dothi la kumeneko nlosakanizika ndi miyala ya laimu, ndipo likapita silibwera.

Mphesa zake nza mtundu umodzi wokha, Pinot noir, zakuda ndi zopyapyala khungu. Amazitchera ndi manja, kawirikawiri m'mwezi wa September. Madzi a mphesa yakuda ngoyera. Kufiira kwa vinyo kumachokera m'makungu, amene amawasiya m'madzimo masiku onse akuwira. Pambuyo pake amamthira m'migolo ya mtengo wathundu, namsunga m'zipinda zozizira za pansi pa nthaka monga chaka ndi theka, ndipo atatero amamtsekera m'mabotolo. Mphesa za mitengo yaing'ono saziyesa zoyenera dzina la mundawo. Vinyo wake amamtcha La Forge de Tart.

Mowa wa kwathu, ukapsa lero, pofika mkucha wasasa. Vinyo uyu satero. Akali mwana amauma m'kamwa monga nthochi yosapsa, ndipo womwa msanga angaganize kuti ananyengedwa pogula. Koma botolo likagona cham'mbali mumdima zaka 15 kapena 20, chotsekera chake chili chonyowa, ukali uja umatha pang'onopang'ono nugwa pansi monga masese. Maonekedwe ake amasanduka ngati njerwa yootcha. Fungo la zipatso zatsopano limachepa, nilibwera lina longa la bowa ndi masamba ovunda a m'nkhalango mvula itagwa. Si botolo lililonse limafika pamenepo, pakuti kutentha kumaononga, ndi mpweya wolowera pa chotsekera umasandutsa ntchito ya zaka zambiri kukhala vinyo wosasa.

Mtengo wake lero ngwakuti mlimi wamba sangaufike, ndipo tiyesa kuti asisitere aja, amene analumbira umphawi, akadazizwa kuona amene akumwa za m'munda mwao. Choponderamo mphesa cha m'chaka cha 1570 chikalipo m'nyumba ya pamundapo, chinkana sachigwiritsanso ntchito, ndipo alendo amabwera kudzachiona.