Khoti la pa vidiyo: mawu a woimbidwa mlandu amayenda bwanji?

Ophunzira anga kuno ku Mlangeni amakonda kufunsa kuti, "Aphunzitsi, Physics imeneyi tidzaigwiritsa ntchito pati?" Lero ndikutengerani kukhoti.

Pa 2 April 2020, Malawi inalengeza kuti Covid-19 yafika. Kudzazana m'khoti kunakhala koopsa, koma milandu sikanangoima. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati munthu akamangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. M'maiko ambiri makhoti anayamba kumva milandu pa vidiyo, woimbidwa mlandu ali kundende, woweruza ali kukhoti. Kwathu kuno, mu 2024 makhoti anakhazikitsa e-Court mothandizidwa ndi UNDP.

Ndiye mawu amayenda bwanji? Munthu akalankhula, mpweya umanjenjemera. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu ya magetsi, kompyuta n'kuisandutsa manambala, 0 ndi 1. Manambalawo amamangidwa m'timaphukusi, kalikonse konyamula mawu a pafupifupi ma millisecond 20. Timaphukusito timapita pa nsanja ya netiweki ndi mafunde a wailesi, pa liwiro la makilomita 300,000 pa sekondi. Mu chingwe cha fibre timayenda ngati kuwala, pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi.

Tawerengerani nokha. Mtunda wa makilomita 300, ngati wa Lilongwe kukafika ku Blantyre, ukungotenga ma millisecond 1.5 basi. Ndiye kuti vuto si kutalika ayi. Vuto ndi kutayika kwa timaphukusi netiweki ikafooka kapena ikadzaza. Ife a m'malire muno timazidziwa bwino, foni imatha kudumphira ku netiweki ya ku Mozambique uli pa M1 pompano.

Tsono taganizani izi. Munthu akuuza woweruza kuti, "Sindikuvomera mlandu." Ka "si" kameneko kamatenga timaphukusi pafupifupi 10. Tikatayika, khoti limva kuti, "Ndikuvomera mlandu." Pocheza ndi mnzako mungoseka. Kukhoti, munthu atha kukagona kundende.

N'chifukwa chake khoti lotere limafuna intaneti yodalirika, magetsi oyembekezera ngati a sola, komanso woweruza wosatopa kunena kuti, "Bwerezaninso."

Yesani izi kunyumba. Imbiranani foni ndi mnzanu muli chipinda chimodzi, wina awombe m'manja. Mumva kawiri, koyamba kudzera mumpweya, kenako pafoni. Phokoso mumpweya limangoyenda mamita 340 pa sekondi, nanga bwanji lafika msanga? Tikambirana m'kalasi Lolemba.